KODI OYILO WA M'PIKAPU TIZISINTHA LITI?



Nyengo yokolola ikafika, misewu ya kuno ku Angónia imadzaza ndi mapikapu. Ina yasenza mbatata ya kacewere ya ku Tsangano, ina cimanga ndi nyemba za ku Dómue, ina mabelo a fodya, ndipo pamwamba pa katunduyo pakhala anthu ndi nkhuku zawo. Ambiri mwa magalimoto amenewa ndi okalamba. Anafika kuno atagwira kale nchito ku Japan kapena ku Joni, ndipo kuti agulidwe panapita ng'ombe za m'khola, ndalama za fodya za zaka zingapo, kapena zosonkha za gulu lonse la alimi. Pikapu yotere ikafa injini pakati pa nyengo ya malonda, mbatata imawolera m'matumba pambali pa msewu, ngongole ili pomwepo, ndipo wodwala wa usiku amabwerera pa ngolo ya ng'ombe.

M'makalasi mwanu muli eni magalimoto, oyendetsa, anyamata okweza katundu, ndi amayi osunga ndalama za gulu. Tawafunsani tsiku lina kuti oyilo wa mu injini, amene ena amati óleo, amasinthidwa liti. Wina adzati, "Akada." Wina adzati, "Pa caka kamodzi, tikagulitsa fodya." Wacitatu adzati, "Ife sitisintha ayi, timangowonjezera akacepa." Mayankho atatu onsewa apha kale mainjini ambiri. Yankho lenileni ndi la manambala, ndipo amene amadziwa kuwerenga ndi kulemba manambala angathe kulisunga. N'cifukwa cake nkhaniyi taibweretsa kwa inu.

Oyilo amagwira nchito yanji?

Pikapu ikamathamanga pa msewu wa phula, injini imazungulira ka 2,500 kapena kuposa pa mphindi imodzi. Ndiye kuti pisitoni iliyonse imakwera ndi kutsika koposa ka 40 pa sekondi imodzi. Zitsulo zothamanga conco zikakhudzana zokhazokha zimatentha, zimadyana, kenaka zimagwirana. Cimene cimazilekanitsa ndi oyilo wopyapyala kuposa tsitsi la munthu, amene pampu imam'kankhira m'timipata tonse.

Oyilo yemweyo ali ndi nchito zina zitatu. Amatenga kutentha kwa m'malo amene madzi a mu rediyeta safikako. Amatsuka mwaye ndi tizitsulo tating'ono n'kupita nato ku fyuluta, imene imasefa ngati sefa ya ufa. Amatetezanso zitsulo ku dzimbiri. Kuti akwanitse zonsezi, ku fakitale amam'thira mankhwala apadera, ndipo mankhwalawo ndi amene amayamba kutha, oyilo akuonekabe wodzaza.

Cimam'kalambitsa n'ciyani?

Coyamba ndi mwaye. Dizilo akamapsa amasiya mwaye, ndipo wina umadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kugwera mu oyilo. Ukaculuka, oyilo amalimba ngati phala, ndipo sathanso kulowa m'timipata tating'ono. Caciwiri ndi fumbi lolowa pamodzi ndi mpweya. Limeneli ndi mcenga weniweni, ndipo limapala zitsulo pang'onopang'ono. Cacitatu ndi madzi. Injini yozizira imacita thukuta m'kati, monga momwe civundikiro ca poto cimacitira, ndipo madziwo amauma pokhapokha injini ikatentha bwino kwa nthawi yaitali. Cacinayi ndi dizilo wosapsa amene amatsikira pansi n'kusungunula oyilo. Cotsiriza ndi kutentha kopitirira, kumene kumapsereza oyilo.

Apa mpamene wa "timangowonjezera" uja amalakwira. Mayi aliyense amadziwa kuti madzi otsukira mbale akada, kuthiramo kapu ya madzi oyera sikuyeretsa beseni. Litsiro likadali momwemo. Madziwo amatayidwa, n'kutunga ena. Wa "akada" uja nayenso walakwa, koma mwa njira ina. Oyilo wa mu injini ya dizilo amada patangopita masiku ocepa, cifukwa akugwira nchito yake yonyamula mwaye. Wa sabata imodzi ndi wa miyezi 10 onse ndi akuda bii, ndiye maso sangakuuzeni amene watha mphamvu.

Buku la galimoto limati ciyani?

Galimoto iliyonse imatuluka ku fakitale ndi buku lake. M'bukumo amapereka manambala awiri nthawi zonse: makilomita ndi miyezi. Lamulo lake n'lakuti mutsate cimene cayamba kukwana. Pa mapikapu a dizilo akale, monga Toyota Hilux ya injini za 2L, 3L ndi 5L, nambala yodziwika ndi makilomita 5,000 kapena miyezi 6. Pa mapikapu atsopano a Toyota, Isuzu ndi Ford amene amagulitsidwa ku Joni, mabuku amanena makilomita 10,000 kapena 15,000, kapena caka cimodzi. Kusiyanaku kwabwera cifukwa mainjini, oyilo ndi dizilo wa masiku ano n'zabwinoko. Mwacitsanzo, m'caka ca 2017 maiko a Mozambique, Malawi ndi Zimbabwe anayamba kuitanitsa dizilo wa sulufule wocepa, magawo 50 pa miliyoni m'malo mwa 500. Sulufule akakumana ndi madzi mu injini amapanga asidi wodya zitsulo, conco kucepa kwake kumatalikitsa moyo wa oyilo.

Koma bukulo lili ndi tsamba lina limene ambiri salifika. Limanena za galimoto yogwira nchito yowawa. M'Cipwitikizi amalemba kuti condições severas. Nchito yowawa amaichula motere: kuyenda m'misewu ya fumbi kapena ya matope, kusenza katundu wolemera kapena kukoka ngolo, kulira nthawi yaitali galimoto itaima, ndi kuyenda maulendo afupiafupi, makamaka kukuzizira. Galimoto yogwira nchito zotere, mabuku ambiri amati manambala aja agawidwe pakati. Ngati linati 10,000, mutenge 5,000. Mabuku ena a madizilo akale amatsika mpaka makilomita 2,500 kapena miyezi 3.

Nanga ife kuno tili tsamba liti?

Tiyeni tiyeze pikapu ya kwathu ndi mndandanda umenewu. Msewu wa phula wocokera ku Mussacama kudutsa ku Ulónguè mpaka ku malire a Calómuè ulipo, koma mbatata sizimera m'mbali mwa phula. Kuti mufike kumene kuli katundu, muyenera kulowa m'misewu ya dothi, imene kuyambira Meyi mpaka Okutobala imakhala fumbi lokhalokha, ndipo nthawi ya dzinja matope. Katundu ndiye sitinena: pikapu yopangidwira tani imodzi timaisenzetsa mpaka masipuling'i awongoke. Pa msika imaima ikulira kudikira anthu kuti adzaze, nthawi zina cifukwa batire ndi lofooka ndipo woyendetsa akuopa kuizimitsa. Pamenepo makilomita sakuwerengeka, koma oyilo akugwira nchito. Ola limodzi la kulira conci limam'topetsa ngati ulendo wa makilomita pafupifupi 40.

Palinso za dziko lathu la mapiri. Ulónguè ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo mapiri a Dómue ndi Tsangano ndi okwera kuposa apo. Kumtunda mpweya ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake pa mamita 1,000 alionse, ndipo dizilo sapsa bwino. Utsi wakuda umene mumauona pa citunda ndi mwaye womwe uja, ndipo wina ukupita mu oyilo. M'mawa wa Juni ndi Julayi, pamene cisanu cimawaula masamba m'madambo, oyilo amakhala wolemera ndipo amacedwa kufika pamwamba pa injini. Galimoto yomweyo ikatsikira ku Moatize ndi ku Tete mu Okutobala kapena Novembala imakakumana ndi kutentha kopitirira madigiri 40. Pa zonse zimene buku lachula, palibe cimene catiphonya. Tsamba lathu ndi la nchito yowawa.

Akuluakulu a m'makalasi mwanu angakuuzeni za mathirakitala ndi malole a kampani ya boma ya CAIA, imene inkalima minda ikuluikulu kuno dziko litalandira ufulu mu 1975. Makina ambiri a minda ya boma ya nthawi imeneyo anaima asanakalambe, cifukwa zitsulo zosinthira zinkasowa, ndipo nkhondo inadzawonjezera mavuto. Mtendere utabwera mu 1992 ndipo anthu atabwerako ku Dedza ndi ku Ntcheu, magalimoto anayamba kukhala a mabanja ndi a magulu. Lero oyilo ndi mafyuluta zimapezeka m'masitolo. Cimene cimasowa kawirikawiri ndi munthu wokumbukira tsiku.

Manambala oti muwaphunzitse

1. Pikapu ya dizilo yakale, imene buku lake linatayika kalekale: makilomita 5,000 kapena miyezi 6, cimene cayamba kukwana. M'miyezi yokolola, pamene ikusenza tsiku ndi tsiku m'fumbi, musadikire 5,000. Sinthani pakati pa 2,500 ndi 3,000.

2. Pikapu yatsopano imene buku lake likuti 10,000 kapena 15,000: tengani theka, ndiye kuti 5,000 kapena 7,500. Ngati buku lili ndi nambala yake ya nchito yowawa, tsatani imeneyo.

3. Pikapu ya petulo: mwaye ndi wocepa, koma fumbi ndi katundu n'zomwezo. Makilomita 5,000 kapena miyezi 6.

4. Pikapu yoyenda pang'ono, monga yongopita ku cigayo ndi ku msika wapafupi: tsatani miyezi, ngakhale makilomita asanakwane. Maulendo afupi ndi amene amasiya madzi mu oyilo.

Fyuluta ya oyilo isinthidwe pamodzi ndi oyilo nthawi zonse. Mabuku ena akale ankalola kuidumphitsa kamodzi, koma m'fumbi la kuno si nzeru: fyuluta yakale imasunga oyilo wakuda amene amadetsa watsopano tsiku lomwelo, ndipo ikatsekeka oyilo amangoilambalala osasefedwa.

Ngati cowerengera makilomita cinafa

Mapikapu ambiri a kuno manambala a pa dashibodi anaima kalekale. Zimenezi zisakhale cifukwa coleka kuwerenga. Werengani maulendo. Kucoka ku Ulónguè kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita pafupifupi 230, kupita ndi kubwera 460. Maulendo 10 ndi makilomita 4,600, ndipo a 11 apitirira kale 5,000. Pikapu yopita ku Tete kawiri pa sabata imakwanitsa zimenezi m'masabata 5 kapena 6 okha. Mwini wake akamadikira caka, ndiye kuti wadumpha kusintha kasanu ndi kawiri kapena kuposa. Pa njira zina za kwanuko, pemphani wa galimoto ina imene manambala ake akuyenda kuti akuyezereni kamodzi, mulembe, ndipo muzicita kadontho pa ulendo uliwonse.

Cenjeraninso ndi zinthu ziwiri. Magalimoto ena, makamaka ocokera ku Britain, amawerenga mamailosi. Mamailosi 5 ndi makilomita 8, conco mamailosi 3,000 ndi makilomita 4,800. Caciwiri, mabuku a Cipwitikizi amalemba 5.000 ndi kadontho pamene a Cingerezi amalemba 5,000 ndi kampatuliro. Ndi nambala imodzi yomweyo. Ophunzira atsopano amasokonezeka nazo kwambiri, ndiye muzionetse zonse ziwiri pa bolodi.

Kuwerenga kandodo ndi cigubu

Kusintha ndi kwa pa nthawi yake, koma kuyeza ndi kwa m'mawa uliwonse galimoto isanalizidwe. Iime pa malo osapendekeka. Zulani kandodo koyezera, kamene amakaniko ena amati vareta, kapukuteni ndi kansalu koyera, kabwezereni mpaka pansi, n'kukazulanso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri: L ndi F, kapena MIN ndi MAX, kapena timadontho tiwiri. Kucoka pa ca pansi kufika pa ca pamwamba nthawi zambiri ndi lita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Kudzazitsa nakonso n'koipa, pakuti oyilo amacita thovu ndi kuyamba kutuluka m'mbali.

Pali zizindikiro zitatu zimene sizidikira makilomita. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi a mu rediyeta alowamo, ndipo kawirikawiri ndi gasiketi yapsa. Oyilo akamakwera yekha pa kandodo ndi kununkha dizilo, mafuta akutsikiramo. Mukam'tikita pakati pa zala n'kumva ngati mcenga, kapena kuona tizitsulo tonyezimira, m'kati mukudyana. Zonsezi n'zopita nazo kwa makaniko. Ndipo kanyali kofiira kooneka ngati kaketulo kakayaka muli pa ulendo, imani pomwepo ndi kuzimitsa. Kunena kuti "tingofika pa msika pokha" ndi kumene kumanoketsa injini, pakuti yopanda oyilo imatha m'mphindi zocepa.

Pa cigubu pali zolemba ziwiri zofunika. Coyamba ndi manambala monga 15W-40. Ya kumanzere, yokhala ndi W, imanena za kuyenda kwa oyilo kukazizira: ikacepa, ndiye kuti oyilo amathamanga msanga m'mawa. Ya kumanja imanena za kulimba kwake injini ikatentha. Pa madizilo akale a kuno 15W-40 ndi woyenera, ndipo amaposa wongolembedwa SAE 40 amene amalemera kwambiri m'cisanu. Mapikapu atsopano ambiri amafuna wopepuka monga 5W-30. Pamenepo mverani buku. Caciwiri ndi malemba otsatira mawu akuti API. Oyamba ndi C, monga CF, CH-4 ndi CI-4, ndi a dizilo. Oyamba ndi S ndi a petulo. Gulani wa m'cigubu cosatsegulidwa. Wa m'mabotolo a pambali pa msewu ndi wochipa, koma simungadziwe ngati si wakale amene angomusefa. Safunsa anadya phula.

Tsiku losintha

Injini ilire pang'ono kuti oyilo afunde, kenaka izimitsidwe. Ikani miyala ku mateyala, ndipo munthu asalowe pansi pa galimoto yongokhala pa jeke. Masulani bawuti ya pansi, oyilo agwere m'beseni mpaka asiye kudontha. Pakani oyilo watsopano pa labala ya fyuluta yatsopano, n'kuimanga ndi manja. Bwezerani bawuti osaikakamiza. Mapikapu ambiri amamwa malita apakati pa 5 ndi 8; thirani pang'onopang'ono mukuyeza. Lizani, onani ngati kanyali kazima ndiponso ngati pansi sipakudontha, zimitsani, dikirani mphindi 5, yezaninso. Tsiku lomwelo tsegulaninso fyuluta ya mpweya. Ikang'ambika kapena ikapanda kukhala bwino, fumbi limalowa, ndipo oyilo watsopano uja sacedwa kuonongeka.

Oyilo wakale asungidwe m'cigubu cotseka, kutali ndi ana ndi moto. Asatayidwe ku dimba, pafupi ndi citsime, kapena m'ngalande yopita ku mtsinje, cifukwa pang'ono pokha amaononga madzi ambiri. Asapakidwe pa zilonda za ng'ombe, pa nkhumba kapena pa khungu la munthu. Muli ziphe zimene zingayambitse matenda a khansa ya pakhungu akamakhudza thupi kawirikawiri. Funsani ku galaja kapena kumene mumagula mafuta ngati amalandira. Mukatha nchito sambani ndi sopo.

Kabuku ka galimoto

Tsopano tafika pa nchito yanu yeniyeni. Pikapu iliyonse ikhale ndi kope lake, losungidwa m'galimoto momwemo, logawidwa mizere inayi: tsiku, makilomita, cimene cacitika, ndi tsiku lodzasinthanso. Citsanzo: 3 Meyi, 212,400, oyilo malita 6 ndi fyuluta, 217,400 kapena 3 Novembala. Nambala yotsirizayo ilembedwenso pa kapepala komata pafupi ndi ciwongolero, kuti woyendetsa aziiona tsiku lililonse.

Kope limeneli limathetsanso milandu. Pa galimoto ya gulu, msungicuma amatulutsa ndalama za oyilo, woyendetsa amati wasintha, ndipo injini ikafa aliyense amaloza mnzake. Zikalembedwa, ndipo anthu awiri akasainira ataona cigubu copanda kanthu ndi fyuluta yakale, palibe wonamiziridwa. Ndi bwinonso kuti pa ulendo uliwonse gulu lizipatula kandalama ka oyilo, kuti tsiku likakwana asayambe kusonkhetsa. Walira mvula walira matope: amene wafuna galimoto wafunanso oyilo wake. Ndipo tsiku logulitsa pikapuyo, kope lodzaza bwino limalankhula kuposa pakamwa pa mwini wake.

Zocita m'kalasi

Bwerani ndi cigubu copanda kanthu ndi fyuluta yakale, ophunzira apeze okha manambala ndi malemba amene tachulawa. Ngati pafupi pali pikapu, pemphani mwini wake kuti kalasi lonse, amayi ndi abambo, liwerenge kandodo. Kenaka yesani izi:

1. Oyilo wasinthidwa pa makilomita 187,650. Adzasinthidwanso pa nambala iti, ngati tikutsata 5,000?

2. Pikapu imayenda makilomita 120 pa tsiku, masiku 6 pa sabata. Papita masabata angati kuti ikwanitse 5,000?

3. Oyilo wasinthidwa pa 20 Okutobala. Miyezi 6 ikwana liti?

4. Tumani ophunzira awiri akafunse mtengo wa malita 6 a oyilo ndi fyuluta, ndipo ena awiri akafunse makaniko mtengo wokonzetsa injini yonoka. Kalasi liwerengere kuti ndalama za injiniyo zingasinthe oyilo kangati.

5. Kambiranani: pa galimoto ya gulu, ndani ayenera kusunga kope, ndipo cifukwa ciyani?

Kumene kulibe pikapu, phunziro lomweli ligwira pa njinga yamoto, pa pampu yothirira ndi pa injini ya cigayo. Kusiyana kwake n'kwakuti injini zosayenda pa msewu zimawerengedwa maola, ndipo njinga yamoto imafuna kusinthidwa oyilo pafupipafupi kuposa galimoto. Manambala ake muwapeze m'buku la makinawo. Mutilembere mmene phunziroli layendera kwanuko, ndi mayankho amene mwapeza pa funso lacinayi. Tikufunirani nchito yabwino m'makalasi mwanu.